Ziyasama Zimene Ndinaumba Ndekha

Musandiombere m'manja msanga, abale anga. Imvani kaye, mwina pomaliza manjawo muwabweza m'thumba.

Ine ndine Elifala, wa cha ku Msakambewa kuno ku Dowa. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo, munthu amene anaphunzira ku Mvera, ndipo m'nyumba mwawo simunalowepo ngakhale thobwa logona. Ine ndinali mphunzitsi wa Sitandade 6. Lero ndimaumba njerwa, ndipo dzinja lino ndi lachitatu chisiyireni kachasu.

Ambiri a inu mowa unakugwirani pamaliro, ena ntchito itatha, ena chifukwa cha anzanu. Ine unandigwira pa sewero. Ndikuona ena mukumwetulira kumbuyoko. Palibe kanthu, inenso ndinkaseka.

Zinayamba chisankho cha zipani zambiri chitangochitika, nthawi ija munthu unayamba kulankhula pamsika osayamba wacheuka. Ku Dzaleka kunali kutayamba kufika anthu othawa nkhondo. Mmodzi mwa iwo, a Gasipari, ankabwera pa senta pathu n'kukhala pakhonde la sitolo ya Che Amidu, kukonza mawotchi ndi mawailesi. Anali munthu wamtali, woonda, wolankhula pang'onopang'ono Chichewa chongotola. Chikawathera ankatembenukira kwa Che Amidu m'Chiswahili. Nkhondo isanabuke kwawo anali ataphunzirako ku Ulaya.

Loweruka lina masana mvula inatitsekera m'sitolomo anthu anayi: ine, a Gasipari, Che Amidu ndi a Mbewe, mlangizi wa zaulimi. A Gasipari anatulutsa m'thumba tinthu tiwiri tangodyangodya tokhala ndi madontho, amvekere awa ndi madayisi. Anati ku Ulayako ankachita ndi anzawo sewero la patebulo. Munthu mmodzi amafotokoza dziko longopeka, mapiri ake, mizinda yake ndi zoopsa zake. Enawo aliyense amasankha kuti akhala ndani m'dzikomo, wina msilikali, wina mlenje, wina sing'anga, n'kuyenda ulendo limodzi. Ukafuna kulumpha chigwembe kapena kulasa chilombo umaponya madayisi, ndipo madontho ndiwo amanena ngati watha kapena walephera.

"Ndiye kuti ndi nthano," anatero a Mbewe.

"Nthano, inde," anayankha a Gasipari. "Koma iyi mathero sadziwa munthu. Ngakhale wofotokoza."

Tinasewera mpaka mvula inakata, ndipo palibe anazindikira kuti yakata. Loweruka lachitatu a Gasipari anandikankhira madayisi. "Aphunzitsi, inu muli ndi pakamwa. Fotokozani inu."

Tsiku lina ndinawafunsa chimene chinawaopsa kwambiri ku Ulaya. Anati si chisanu ayi, koma matchalitchi akale. Pamwamba pa makoma ake amisiri anasemapo zilombo zamwala, zonyonyomala, za mapiko ngati a mleme, zikhadabo zitagwira m'mphepete mwa denga, kukamwa kuli yasa! Mvula ikagwa, madzi a padenga amatulukira m'kamwa mwake. Anatchula dzina lake m'chilankhulo cha kusukulu kwawo, malilime athu anakana. Che Amidu anati, "Basi, ziyasama zimenezo." Dzina linakhala lomwelo.

Chiyasama changa choyamba chinandichititsa manyazi. Ndinachiika chokha pakati pa bwalo. Che Amidu, amene m'seweromo anali wosula zitsulo, anangochizungulira n'kuchiphwanya ndi nyundo chisanatambasule n'komwe phiko. Anandiseka sabata yonse. Ndinatenga kope losalembamo n'kuyamba kuganiza.

Ndinaona kuti mphamvu ya chiyasama si zikhadabo, koma kudikira. Choncho m'kopemo ndinamanga nyumba yakale yakugwa denga, yokhala ndi ziboliboli khumi ndi ziwiri pamwamba pa khoma. Zisanu ndi zinayi zinali miyala chabe. Zitatu zinali zamoyo. Polowera panali kamlatho kopapatiza, koti munthu sangazembe. Mkondo ukalasa chiyasama unkangothetheka. Sichinkamenyana pansi ayi: chinkatsika, kunyamula munthu, kukwera naye m'mwamba n'kumutaya. Ndipo zinkadzuka mvula ikayamba kudontha. Ndinkangoti motsitsa mawu, "Kumwamba kwayamba kuda," abambo atatu a ndevu zawo n'kusiya kutafuna mtedza.

A Gasipari anandiphunzitsa zinthu ziwiri. Anati chilombo chiopseni mmene mungathere, koma siyani chizindikiro choti wochenjera achione, ndiponso siyani khomo loti wolephera athawirepo. Ndiye pa zamoyo zija sindinkaikapo zitosi za mbalame, ndipo abuluzi ankazilambalala. A Mbewe ndi amene anatulukira. Anafunsa, "Aphunzitsi, kodi njiwa zija zatera pa ziti?" Ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo m'kalasi. Iwo omwewo anaganiza zozikopera kudambo, poti mwala ndi wolemera. Ziwiri zinatitimira m'matope mpaka m'khosi, Che Amidu n'kuimirira kuvina kuseri kwa kauntala, mayi wodzagula mchere akungodabwa.

Chachitatu chinatsala pamwamba pa khoma. A Gasipari, amene anali sing'anga wa ulendowo, sanafune kulimbana nacho. Anandifunsa, "Chikulondera chiyani?" Ndinalibe yankho, ndinalipeka pomwepo: chikulondera chitsime chimene eni ake anafa kalekale, ndipo palibe anachiuza. Iwo anapita pansi pa khoma n'kuchiuza. Madayisi anawakomera, chiyasama chinatseka kukamwa, apaulendo anatunga madzi. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse ndinkachipatsa chifukwa chake chokhalira pamene chili.

Mpaka apo zonse zinali bwino. Popotokera panga ndi apa.

Ndinkafuna Loweruka lililonse lipose lapitalo, koma mutu unayamba kuuma. Mphunzitsi mnzanga anandiuza kuti kapu imodzi ya kachasu imamasula maganizo. Sananame. Nditamwa koyamba, ziyasama ndinaziona ngati mmene ndikukuonerani inumu, mpaka ming'alu ya m'mawondo ake. Kapu inasanduka botolo. Kumwa kwa Lachisanu lokha kunasanduka kwa sabata yonse. Ndinayamba kutapa dothi la mtapo kudambo n'kumaziumba, zazikulu ngati chibakera, zoti ndiziika patebulo posewera. Nyumba yathu inalibe siling'i, ndiye ndinkazindandalika pamwamba pa khoma la pakati kuti ziume.

Mkazi wanga Nachisale ndiye anayamba kuona. M'mawa wina akusesa anandiitana.

"Bambo a Tadala, zidole zanuzi dzulo zinayang'ana kukhomo. Wazitembenuza ndani?"

Ndinakweza maso. Zonse zisanu ndi ziwiri zinali zitayang'ana pabedi, mbali imene ndinkagona ine.

"Ndi mphepo," ndinatero.

"Mphepo yodziwa kumene kuli nkhope?"

Tadala, mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu, anasiya kulowa m'chipindamo. Nachisale anatenga chimodzi, cha khutu lothyoka, n'kukachiponya m'chimbudzi ine ndikuona. Patapita masiku awiri chinali pamalo pake, khutu lomwelo lothyoka, dothi likadali lonyowa. M'zikhadabo zanga munali dothi. Koma kunena zoona pamaso pa Mulungu, mpaka lero sindikumbuka ndikuchiumba.

Mowa unasinthanso kaseweredwe kanga. Ndinasiya kufuna kuti anzanga apambane movutikira, ndinkafuna ndiwaone atathedwa nzeru. Zitosi za mbalame ndinaziika pa ziboliboli zonse. Makomo ndinatseka. Che Amidu anandichenjeza, akunditchula kuti mphunzitsi m'Chiswahili: "Mwalimu, masiku ano mukubwera ndi fungo, ndipo sitolo ino fungo limenelo siilifuna. Komanso m'dziko mwanumo mulibenso kothawira." Ndinawayankha kuti akuopa kugonja.

Tsopano ndinene chimene chimandivuta kunena. A Gasipari anali atandiuzapo, tili awiri pakhonde, mmene anatayira mkazi wawo. Kuphana kutabuka kwawoko, anthu anathawira m'tchalitchi poganiza kuti m'nyumba ya Mulungu simulowa chikwanje. Iwo anatuluka m'mawa kukasaka madzi. Pobwerera anapeza zitseko zitatsekedwa chakunja, anthu a zikwanje atazungulira. Anabisala m'munda wa nthochi, akumva zonse. Nkhani imeneyi kuno anali asanauzepo munthu wina, ndipo dzina la mkaziyo ananditchulira kamodzi kokha.

Ine ndinaitenga n'kuilemba m'kope.

Loweruka lotsatira ndinamwa kuyambira m'mawa, n'kutafuna masamba a bulugamu kuti Che Amidu asamve. Ndinayala ziyasama zanga zadothi mozungulira katoni. Ndinati apaulendo afika pa kachisi, zitseko zatsekedwa chakunja, m'kati muli anthu akugogoda. Padenga pali ziyasama makumi awiri, zonse zamoyo. Kumwamba kwayamba kuda. A Mbewe anafunsa za zenera, ndinati kulibe. Che Amidu anafuna kuthyola chitseko ndi nyundo, madayisi anawalola, ine ndinakana ndithu. Kenaka ndinatsitsa mawu n'kunena kuti m'katimo muli mayi wina akuitana mwamuna wake, ndipo ndinatchula dzina lija.

A Gasipari sanakalipe. Anayang'ana tizidole tija kamodzikamodzi ngati akutiwerenga. Anatola madayisi awo n'kutuluka, kusiya ngakhale chipewa. Che Amidu sanadziwe chimene chachitika, koma nkhope ya munthuyo anaiona. Anasesera ziyasama m'katoni ndi dzanja n'kundipatsa. "Tulukani, Mwalimu. Musabwerenso nazo muno."

Kuchokera apo kunali kutsetsereka basi. Ndinasema madayisi anga a mtengo n'kumasewera ndekha. Ana anali atachuluka kusukulu zaka zimenezo, koma ine ndinkafika m'kalasi ndikudzandira, m'malo mwa masamu n'kumajambula mapiko pabolodi. Makolo anayamba kunena kuti aphunzitsi akuweta zinthu m'nyumba. Anandiimitsa ntchito. Kumpingo anandidula. Nachisale ananyamula Tadala n'kubwerera kwawo ku mapiri a Ntchisi, ndipo ndinazindikira patatha masiku awiri kuti m'nyumba mulibe munthu.

Bambo anga anabwera tsiku lina masana. Anaima pakhomo nthawi yaitali osaodira. Nditatuluka anandifunsa, "Mwana wanga, uli ndi alendo angati m'nyumbamu?" Ndinati ndili ndekha. Anati, "Ine ndamva anthu anayi, ndipo mmodzi amaseka." Analowa, anayang'ana pamwamba pa khoma, anatuluka chammbuyo. Anapempherera pabwalo. Ine ndinkangodikira kuti amalize ndibwerere m'nyumba.

Ndinakhala choncho miyezi isanu. Bedi ndinagulitsa, mipando, njinga. Ziyasama zokha ndi zimene zinkachuluka.

Tsono tifike pa zimene zinandichitikira paphiri. Chakumapeto kwa dzinja ndinaganiza zokatenga mkazi wanga. Ndinati ndikaonekere kwa apongozi ndili bwinobwino, choncho ndinasiya kumwa mwadzidzidzi, masiku awiri osalawa. Inu amene munayesapo mukudziwa za tsiku lachitatu. Ine sindinkadziwa.

Ndinakwera matola mpaka pamene msewu wathera, n'kuyamba kukwera phiri wapansi dzuwa litakwera pang'ono. Thukuta linkatuluka koma ndikumva chisanu. Nditafika pakati pa phiri nkhungu inatsika, ija ya ku Ntchisi yobwera ngati munthu wakuvundikira dengu. Mitengo inasowa. Mbalame zinasiya kulira. Ndinkangomva madzi akudontha m'masamba, tho, tho, tho, ndi kupuma kwanga.

Njira ya kumeneko imadutsa pakati pa miyala ikuluikulu. Ndinayamba kuiyang'ana umodziumodzi monga ankachitira apaulendo anga. Woyamba unali ndi ndere. Wachiwiri unali ndi ndere ndi zitosi zomwe. Ndinadziuza kuti, Elifala, iyi ndi miyala chabe, yenda. Ndipo njira inakhota.

Chinali pamwamba pa thanthwe, mapazi ngati khumi kuchokera pamene ndinaima. Chonyonyomala, mawondo m'mwamba, msana wa linunda, mbali zonse ziwiri kutatuluka zinthu zazitali zosongoka ngati mafupa a mapiko. Chinali chotuwa ngati nkhunguyo. Nkhope sinkaoneka. Sichinkagwedezeka ngakhale pang'ono.

Ndinaima, nacho chinangokhala. Nthawi imene inapita sindiidziwa, mwina mphindi zisanu, mwina ola lathunthu. Ndinatseka maso n'kutsegula, chinali pomwepo. Ndinafunafuna chizindikiro: panalibe mbalame, panalibe buluzi. Ndinacheuka kuti ndibwerere, njira imene ndinadzera inali itamezedwa. Ndiye kamvula kanayamba kuwaza. Dontho loyamba litandigwera pakhosi, mutu wa chinthu chija unatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

Ndinalankhula nacho, abale. Ndinati, "Ndinakuumba ndine. Ukufuna chiyani?" Ndinafunsanso mokuwa, mawu anga anangobwerera kuchokera m'miyala. Ndinawerama osachotsa maso, dzanja linapeza mwala wodzaza chikhatho. Ndinauponya ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'thupi muno.

Mwala unagunda phiko, kunamveka khoo! ngati mtengo wouma. Kenaka kunamveka kulira kwa khanda.

Kunali kulira kuja kong'amba kwa mwana wa miyezi itatu. Chinthu chija chinaimirira, mapiko anagwa n'kumwazika pathanthwe. Zinali nkhuni. Anali mayi. Anali atatula mtolo kumbuyo kwake kuti apume, atadzifunditsa bulangete lotuwa pamodzi ndi mwana kumsana. Mwala wanga unagunda nkhuni, chikhatho chimodzi kuchokera pamene panali mutu wa mwanayo.

Anakuwa, "Mayo! Wamisala! Ndithandizeni!" n'kutsikira kuseri kwa thanthwe, kulira kwa mwana kukunka kuzilala m'nkhungu.

Ndinakhala pansi m'matope. Pambuyo pake mwamuna wake anandiuza kuti mayiyo anandiona ndikutulukira m'nkhungu, ndevu zosameta, maso ofiira, kukamwa kotsegula, malovu akutsika, ndikulankhula ndi miyala. Anachita mantha mpaka kuuma, akupemphera kuti mwana asadzuke, kuti mwina chinthucho chidutsa osamuona.

Amuna anabwera ndi zibonga ndi chingwe. Sindinathawe, manja ndinatambasula ndekha. Mmodzi anali atakweza kale chibonga pamene wina anati, "Taimani! Awa si alamu anga awa?" Anali achimwene a Nachisale. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anavula jekete n'kundifunditsa, koma chingwe sanamasule. Anachita bwino.

Pa chipatala chaching'ono cha kumeneko ndinagona masiku asanu ndi limodzi, ndikuona zinthu zikukwawa pakhoma. Adokotala anandifunsa kuti ndimamwa wochuluka bwanji. Ndinatsala pang'ono kunama monga mwa masiku onse, koma m'khutu mwanga mwana uja anali akulirabe. Ndinanena zoona. Anandiuza kuti munthu womwa ngati ine akasiya mwadzidzidzi payekha akhoza kuona zinthu, kukomoka, ngakhale kufa kumene. Ndiye choyamba chimene ndikupempheni ndi chimenechi: mukafuna kusiya, yambirani kuchipatala, ndipo mukanene mlingo weniweni, osati wonenera apongozi.

Nachisale anabwera tsiku lachinayi. Anaima pakhomo, sanalowe.

"Ndabwera kudzaona ngati muli moyo, osati kudzabwerera," anatero. "Mukatha chaka osamwa mutumize ankhoswe."

"Chaka n'chachitali, Nachisale."

"Tadala akudzukabe akulira chifukwa cha zidole zanu. Chaka n'chochepa."

Nditatuluka m'chipatala sindinalowe m'nyumba ija ndekha. Ndinapempha a Mbewe kuti andiperekeze. Ziyasama tinapeza zoposa makumi atatu, zina zoti sindinazionepo. Tinaziphwanya ndi khasu dzuwa likuswa mtengo, dothi lake n'kukakwirira dzenje la pamsewu. M'kope ndinang'amba tsamba limodzi lokha, la kachisi lija, n'kulitentha. Enawo analibe mlandu.

Ndinasamukira kwa achimwene anga kuti pakhale maso a munthu. Njira ya kuseri kwa msika, kumene amatcheza kachasu, ndinasiya kudzera ngakhale ili yachidule. Manja anga anali atazolowera dothi, ndiye ndinawapatsa chikombole cha njerwa, ndipo thupi likatopa ndi ntchito tulo timabwera tokha. Ludzu likandigwira, makamaka dzuwa likapendeka, ndinkapita kwa munthu n'kunena mokweza kuti, "Ndikufuna mowa." Yesani. Mawu amenewa akatuluka pakamwa amachepa mphamvu. Ndinagwako kamodzi, mwezi wachinayi, pa ukwati wa msuweni wanga. M'mawa mwake ndinakwera phiri lomwe lija kukadziulula kwa alamu anga, ndipo chaka chija chinayambiranso pachiyambi. Nachisale anabwerera patatha chaka ndi miyezi inayi.

Kwa mayi wa pathanthwe uja ndinapita ndi mbuzi, alamu akundiperekeza. Mwamuna wake analandira. Mayiyo sanatuluke m'nyumba, ndipo sindinaumirire. Mpaka lero nkhope yake sindiidziwa.

Sewero ndinayambiranso, ndipo ndikudziwa kuti ena mumpingo muno munadabwa. Che Amidu anandilola pa lamulo lawo: amandinunkhiza pakhomo, onse akuona. Tisanayambe ndimafunsa aliyense ngati pali chinthu chimene sakufuna kukumana nacho m'nkhanimo, ndipo sindifunsa chifukwa chake. Ziyasama zilipobe, a Mbewe zimawasiyitsabe mtedza, koma patebulo timaziimira ndi njere za chimanga.

Kwa a Gasipari ndinachedwa kupita kuposa kwina konse. Anali atasiya kubwera pa senta pathu, ankakonzera mawotchi ku Dzaleka konko, pa kabenchi pafupi ndi msika. Kawiri konse ndinafika n'kubwerera ndisanawayandikire. Ulendo wachitatu ndinakhala pansi patsogolo pawo n'kunena zonse, osanamizira mowa. Iwo anali ndi kagalasi kudiso, akutokosa m'mimba mwa wotchi. Sanakweze mutu mpaka ndinamaliza.

"Mwatha?" anafunsa. Chichewa chawo chinali chitawongoka tsopano.

"Ndatha."

"Tsiku lija, dzina lake munalitchula molakwa."

Kenaka anawonjezera:

"Tanenani ndimve."

Ndinanena. Anapukusa mutu. Ndinabwereza, anapukusanso. Ndiye anachotsa kagalasi kaja n'kulitchula pang'onopang'ono, chigawochigawo, monga mmene ine ndinkaphunzitsira ana. Anthu ankadutsa ndi matumba awo, ife tili pa kabenchi kubwereza dzina la munthu amene sindinamuonepo. Kachinayi anavomera ndi mutu.

"Dziko lino palibe wina amene amalitha," anatero. "Ine ndikafa litsala ndi inu. Nkhaniyi mukhoza kuuza anthu ngati ingawathandize. Koma dzinalo musaliike m'sewero, ndipo musalitchule mutamwa."

Patebulo sanabwererenso, ndipo sindinawapemphe. Kuti anandikhululukira sananene, inenso sindinena m'malo mwawo. Dzinalo sindikuuzani. Ndimalitchula ndekha m'mawa uliwonse ndisanagwire chikombole, kuti lilime lisaiwale. Ndi lovuta, lilime loledzera silingalithe.

Zanga ndi zomwezo. Nyimbo ikatha mundipeza pansi pa mtengo panjapo. Amene lero ndi tsiku lanu loyamba kapena lachiwiri osamwa, musapite kunyumba osandiona. Mawa m'mawa tipitira limodzi kuchipatala.